Makalata Odzera kwa a Malume

A malume anandilanda mawu a amayi anga. Sanandilande ndi mpeni kapena chibakera ayi. Anandilanda ndi foni imodzi, bokosi la makalata la ku ofesi kwawo, ndi magalasi awo owerengera aja. Miyezi yonse imene ndinakhala ku Joni, chilichonse chimene ndinkauza amayi chinkayamba chadutsa m'kamwa mwa a malume, ndipo chilichonse chimene amayi ankandiuza chinkayamba chadutsa m'zala zawo. Ine ndinkayesa akundithandiza.

Sukulu ndinalekera Fomu 3, bambo atamwalira. Za fizi sindinena, mukuzidziwa. Ndinatha zaka ziwiri ku Chinsapo ndikukankha wilibala ya eni ake, kusenza matumba pamsika, masiku ena kungokhala pakhonde la golosale kuonerera maminibasi. Ndiye tsiku lina kutchalitchi analengeza kuti bungwe lina la mpingo likufuna achinyamata okagwira ntchito yodzipereka ku South Africa, yosamalira odwala. Malipiro palibe. Chakudya, pogona, ndi kangachepe kogulira sopo, basi. Ukakwanitsa miyezi khumi ndi iwiri, akupatsa satifiketi. Ine ndinangomva za satifiketizo. Mu Lilongwe muno ngakhale pa ulonda amakufunsa kuti unalekera pati.

Achimwene anga a Lameki, amene ankawotcherera zitsulo ku Mchesi, anaseka mpaka kuika chitsulo pansi.

"Ntchito yopanda malipiro? Iwe, ngati uli ndi mphamvu zotaya, bwera uzindigwirira mageti pano. Ulendo wonsewo kukapukuta anthu osawadziwa?"

"Bola kumeneko kuli pepala. Kwanu kuno kuli chiyani? Utsi?"

"Pita, chitsiru iwe. Koma usadzandilembere kalata yopempha thiransipoti yobwerera."

"Sindidzakulemberani ndi imodzi yomwe."

Ndipo sindinawalemberedi. Mtima wanga ndi wotero.

Amayi sadziwa kuwerenga. Amagulitsa nyemba ndi mtedza pamsika wa Chinsapo, ndipo pa tchenje simungawapusitse, koma chilembo sadziwa ndi chimodzi chomwe. M'banja lathu lonse foni ya m'manja inali ndi a malume okha, alongo awo a amayi, amene ankakhala ku Area 25 n'kumagwira umesenjala pa ofesi ina ku City Centre. Pa depoti, tsiku lonyamuka, dzuwa likuswa mtengo mvula isanayambe, anandilembera nambala yawo ndi bokosi la ku ofesi pa kapepala.

"Zonse uzidzera kwa ine, mphwanga. Amayi ako ndiziwawerengera ndine."

Ndinalandira ndi manja awiri.

Joni amene anthu akwathu amamunena, wa nyumba zosanja ndi magetsi, ine sindinamuone n'komwe. Basi inanditsitsa isanafike, ndipo anakanditula kumudzi kwina ku Limpopo, kouma, kwa minga ndi mbuzi. Kunali nyumba yaitali ya mabedi makumi awiri, ya anthu amene chipatala chinawabweza. Masiku amenewo mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kumidzi ngati kumeneko. Anthu ankabwera kudzadikira. Ntchito yanga inali kuwasambitsa, kuwatembenuza pakatha maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda, kuwamwetsa phala ndi supuni, kuchapa zofunda, kutaya mabeseni.

Sabata yoyamba ndinkasanza kuseri kwa thanki ya madzi. A Sisita oyang'anira nyumbayo, mayi wamkulu thupi wosaseka, anandipeza komweko. Sanandinyengerere. Anandigwira pamkono, kundibwezera m'kati, n'kundionetsa mmene umapindira bondo la wodwala, kulowetsa mkono pansi pa phewa lake, n'kumukokera kwa iwe m'malo momukankha. Munthu wamkulu ankatembenuka ngati khanda, osabuula.

Ndinkagona chipinda chimodzi ndi Tembo, wodzipereka mnzanga wa ku Chipata. Chinyanja chake chinali chopindika koma tinkamvana. Anali ndi wailesi ya kaseti imene ankaikonda kuposa munthu, moti ankaifunditsa thaulo kuopa fumbi, iye mwini n'kumadzipukuta ndi malaya.

Pabedi lakumapeto panali mkulu wina, a Gama. Tsiku lina ndikuwasambitsa ndinatukwana beseni m'Chichewa, iwo n'kundigwira dzanja mwamphamvu.

"Kwanu n'kuti, mwana iwe?"

Anali a ku Ntcheu. Anabwera kumigodi ali mnyamata, osabwereranso. Chichewa chawo chinali chitachita dzimbiri. Ndinawauza kuti ndiwalembere kalata yopita kwawo. Anaganiza tsiku lonse, madzulo n'kundiuza kuti sakudziwa woti amulembere. Amene ankawadziwa mwina anatha onse. Anafera m'manja mwanga, munthu woyamba, ndipo kumanda tinalipo anayi: ine, Tembo, a Sisita ndi wokumba. Kwathu munthu wotero timamutcha mtchona. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti dzina limenelo silidzandikhala.

Kangachepe ka sopo kaja ndinkakagawa pawiri: sopo, ndi khadi la foni. Lamlungu loyamba la mwezi ndinkayenda ola lathunthu kupita kusitolo kumene kunali foni ya pakhoma. Khadilo linali la mphindi zowerengeka. Amayi ankasiya benchi yawo tsiku lonse, kukwera maminibasi awiri kuchoka ku Chinsapo mpaka ku 25, kuti adzamve mawu anga. Koma woyankha anali a malume, ndipo a malume moni sadumpha.

"Halo! Ndi mphwanga? Wadzuka bwanji kumeneko? Kaya anzako? Kaya mabwana? Kuno tadzuka. Mvula yagwa kumeneko? Anti ako akupereka moni. A Phiri oyandikana nawo aja akutinso moni, ukuwakumbuka a Phiri?"

"Malume, mayunitsi akutha. Ndipatseni amayi."

"Ukuthamangira kuti? Ulemu wakwanu waiwala kale?"

Amayi akamafika pafoni nthawi inali itatsala ya "Uli bwanji, bambo?" ndi "Ndili bwino, amayi." Ankakuwa ngati akuitana munthu wa tsidya lina la mtsinje. Ndisanayambe n'komwe nkhani, foni tuu, tuu, tuu.

Choncho nkhani zenizeni ndinkaziika m'makalata. Ndinkalemba zoona zokhazokha: za mabeseni, za a Gama, za kuti ndalama ndilibe ndipo asayembekezere kanthu. Mayankho ankabwera m'zilembo za a malume, zokongola, zopendekera mbali imodzi. Ankayamba ndi "Mwana wanga wokondedwa," mawu amene amayi sanawatchulepo chibadwire changa. Kenako mndandanda: bulangete, wailesi, malata makumi awiri. Ndinkayankha kuti ndilibe. Kalata yotsatira inkabwera ngati sindinayankhe.

Khirisimasi itadutsa, amayi anasiya kupezeka pafoni.

"Sanabwere," a malume ankatero. "Akhumudwa nawe. Ku Chinsapo anthu akuti ndiwe mtchona, wadya za ku Joni waiwala kwanu."

Ine mtchona. Ine wa manja osupuka ndi mankhwala otsukira mabeseni. Ndinabwerera ulendo wa ola uja ndikutukwana mbuzi za eni ake. Ndinaimbanso mwezi wotsatira, ndi winawo, yankho lomwelo. Ndinati ngati amayi akufuna malata osati mwana, akhale. Kuyambira pamenepo ndinayamba kugula sopo wokwanira.

Amene ananditsegula maso ndi Tembo. Kunja kutayamba kuzizira kunabwera kalata ina, ine n'kungoiponya pabedi. Tembo anaitola nayamba kuiwerenga mokweza, akunjenjemeretsa mawu ngati mayi wachikulire. Atafika pakati anaima.

"Iwe mwana, amai ako ni atali bwanji?"

"Amandifika paphewa. Bwanji?"

"Manje apa afuna nsapato zakuda za zingwe, saizi naini. Na jekete ya suti. Amai ako ni apolisi?"

Ndinamulanda kalatayo. Nsapato za amayi ndinkazidziwa: mapatapata, saizi folo, odyeka chidendene mbali imodzi. Saizi naini ndinkaidziwanso. Ndinaipolisha kambirimbiri ndili mwana, ndikapita kutchuthi ku 25.

Ndinakhala pansi. Ngati munthuyu akuwonjezera zake polemba, nanga powerenga akutani?

Mabyuro oimbirako foni analipo ku Chinsapo, koma nambala yake ndikanaipempha kwa ndani? Kwa a malume omwewo. Kalata iliyonse inafunika wowerenga. Tembo anayang'ana wailesi yake, n'kuusa moyo ngati bambo amene akukwatitsa mwana. Anasankha kaseti ya nyimbo imene inamutopetsa, natseka timabowo take ndi pepala lotafuna kuti ijambulike, n'kundisiya ndekha kuseri kwa thanki Lamlungu masana.

Sindinakometse. Ndinati, "Amayi, ndine. Awa ndi mawu anga, palibe wondiwerengera. Kaya mwakhala mukumva zotani, koma zoona ndi izi. Sindilandira malipiro. Ndimasambitsa anthu oti amwalira, ndimawapukuta akadziipitsira, ndimataya mabeseni. Malata ndilibe ndipo sindinalonjezepo. Ngati mukundikana chifukwa cha zimenezi, mundikane ndi pakamwa panu, kuseri kwa kaseti yomweyi." Ndinafotokoza zonse mpaka mabatire anayamba kufooka, ngakhale za mmene timatembenuzira munthu kuti asamve kuwawa, poti chimenecho chokha ndi chimene ndinkanyadira.

Pamsewu waukulu, pamalo omwetsera mafuta, pankaima matiransipota opita ku Malawi, magalimoto odzaza mafiriji ndi matiresi mpaka kumwamba. Ndinapezapo mkulu wina wa ku Biwi, Che Yusufu, wa kandevu ndi kachipewa koyera.

"Katundu ali kuti?"

Ndinatulutsa kaseti.

"Basi? Anzako akutumiza masofa, iwe nyimbo? Amayi ako akakhalira nyimbo?"

"Mukapereke m'manja mwawo, pamsika wa Chinsapo, mzere wa nyemba. Osapatsa mwamuna aliyense, ngakhale atavala tayi."

Anailandira n'kuiika m'thumba la malaya, osati kumbuyo kwa mafiriji. Ndalama anakana.

Patatha mwezi anabwera nayo, akuseka asanatsike n'komwe m'galimoto.

"Mwana iwe, watchuka! Wailesi ya amayi ako inafa kalekale. Ndiye anapita nayo kwa mkulu wogulitsa makaseti pakhomo la msika, wa masipika akuluakulu uja. Iye osafunsa, kungoponyamo, voliyumu mpaka kumapeto. Msika wonse, kuyambira a usipa mpaka a kaunjika, wamva kuti umapukuta anthu."

"Amayi anatani?"

Kuseka kunatha. "Wamakaseti anafuna kuzimitsa, iwo anakana. Anaima pomwepo mpaka inatha. Kenako anamubwereka kawailesi kakang'ono n'kupita nako kunyumba. Yankho lili kuseri. Ukamvere utakhala pansi."

Ndinamvera ndili chiimire, Tembo ali pambali.

"Yayamba? Ndiziyankhula? Eya. Bambo, ndakumva. Malume ako ankatiwerengera kuti ndiwe kalaliki pachipatala cha azungu, uli ndi tebulo lakolako, malata utumiza pa Khirisimasi. Ine ndinauza mzere wonse. Manyazi amenewo asiye, ndinameza kale. Kufoni sindinakane ine. Anandiuza kuti ndisamavutike ndi ulendo, wasiya kuimba. Koma tamvera. Mkulu wako Lameki ali gone m'nyumba muno kuyambira pa Pasaka. Mkazi wake anapita kwawo. Katatu konse ndinawauza malume ako kuti akulembere. Akuti unayankha kuti ntchito yachuluka. Nanga ine, mwana wamwamuna wamkulu chonchi ndimusambitse bwanji? Ndimangomupukuta kumaso ndi kumapazi. Amuna a pano akuopa. Iwe uli uko kusambitsa a eni ake."

Kenako kunamveka wailesi ikusunthidwa, ndi kapumidwe kamene ndinkakadziwa bwino, poti ndinkakamva tsiku lililonse pamabedi makumi awiri aja.

"Chitsiru iwe," anatero achimwene. Mawu awo anali atatsala theka. "Ndamva kaseti yako. Ukuti umatha kutembenuza munthu osamupweteka. Tabwera udzandionetse."

Inali itatsala miyezi iwiri kuti ndikwanitse khumi ndi iwiri. Mkulu wa bungwe anandiuza mofatsa, nkhope ili ndi chisoni chenicheni, kuti lamulo silisintha: wochoka nthawi isanakwane satifiketi salandira.

"Pepalalo mupatse mbuzi," ndinatero m'Chichewa. Anayang'ana Tembo kuti amasulire. Tembo anati sanamve bwino.

A Sisita anandisenzetsa katoni ya magolovesi, mabandeji ndi mankhwala opaka pazilonda. Che Yusufu pobwerera anandipanikiza pakati pa firiji ndi matumba a anthu, masiku atatu, kudutsa Zimbabwe ndi Tete.

Nditatsika ku Chinsapo katoni ili pamutu, azimayi a pampopi anasiya ndowa zawo.

"A ku Joni afika! Mwatitengera chiyani, achimwene? TV?"

"Magolovesi," ndinatero. "Wofuna abwere, adzandithandize."

Sanabwere ndi mmodzi yemwe.

Amayi anali atachepa. Sanalire. Anangondikankhira pambali nsalu ya pakhomo la kuchipinda. Achimwene, munthu amene ankanyamula geti lachitsulo yekha, anali pamphasa, ndipo kumsana ndi m'chiuno munali zilonda zimene sizikanakhalapo pakanakhala wowatembenuza. Matendawo sindikanawachiza, ndikudziwa, sindine mwana. Koma zilonda zija sizinali za matenda. Zinali za kusowa munthu.

Ndinawapempha amayi kuti atuluke. Ndinatenthetsa madzi, kuvala magolovesi, kupinda bondo, mkono pansi pa phewa, kukokera kwa ine. Achimwene anatsegula maso.

"Basi? Watha?"

"Ndatha."

"Aa. Ndiye kusukulu ya uchitsiruko amaphunzitsa ndithu."

Tinakhala limodzi masiku makumi awiri ndi atatu. Tinakangana za mpira, za mkazi wawo, za amene anayamba kutukwana mnzake tsiku lija ku Mchesi. Anandiphunzitsa kuwotcherera ndi pakamwa pokha, ali chigonere, ine nditagwira supuni ngati chowotcherera, iwo akundikalipira kuti dzanja likunjenjemera. Makina awo ndi amene ndikudyera lero, popanda pepala lililonse. A malume anabwera kamodzi, n'kuima pakhomo, kampango kali pamphuno. Ndinali ndi beseni m'manja. Ndinadutsa pafupi nawo kwambiri.

Pamaliro woyankhulira banja ndi mwini mbumba, ndipo pamaliro a achimwene mwini mbumba anali a malume. Anaimirira, kuthokoza mafumu, a mpingo, anzawo a malemu a ku Mchesi. Kenako anandiloza.

"Tithokozenso mphwanga uyu, amene anasiya udindo wake waukulu pachipatala ku Joni kuti..."

Pamaliro mwana saimirira akuluakulu akuyankhula. Ndinaimirira.

"Ndinkataya mabeseni, malume. Msika wonse ukudziwa. Mukunamiza ndani? Malemuwa?"

Abusa anayang'ana pansi. Amuna awiri anandikoka malaya kuti ndikhale. Ndinayang'ana kumene kunakhala azimayi, kudikira kuti amayi andidzudzule ndi diso. Amayi anakonza mpango wawo kumutu, n'kunena osakweza mawu, koma aliyense anamva.

"Musiyeni. Ayankhule yekha."

Itatha sabata a malume anabwera kunyumba masana. Anakhala pampando, ine panjerwa.

"Mphwanga, unandichititsa manyazi pagulu, koma ndakukhululukira. Ine ndinkafuna umalize, upeze pepala. Ndikanakuuza za Lameki ukanathawa ntchito, ngati mmene wachitiramu. Nanga amayi ako ndikanawawerengera za mabeseni, anansi akumva? Ndinkakusungira ulemu. Tsopano tamvera. Ku ofesi kwathu akufuna mesenjala wina. Ndakuyankhulira kale kwa abwana. Lolemba ubwere utavala bwino, nkhani ithere pamenepa."

Mwina ankanena zoona kuti ankandifunira zabwino. Zimenezo sizindikhudza. Wosankha pakati pa pepala ndi mkulu wanga ndinayenera kukhala ine.

"Ntchito yanuyo sindikuifuna, malume. Achimwene anagona pa Pasaka. Ine ndafika pakati pa Ogasiti. Pakatipo pali miyezi ingati?"

Anayang'ana kwa amayi, amayi anapitiriza kusankha nyemba m'lichero. A malume anatola chipewa chawo n'kumapita.

Mpaka lero tikakumana pamaliro kapena paukwati amanditambasulira dzanja, langa limakhala m'thumba. Abale amati ndine wouma mtima, nkhani yakale ndiisiye. Ndidzaisiya. Moni ndidzawapatsa, ndi manja awiri, tsiku limene adzandibwezere miyezi inayi ndi masabata awiri.